Mkulu Amene Anakana Kugwadiridwa

Ndinasiya koleji ku South Bend m'chaka changa chachiwiri, ndipo kolejiyo inalandira nkhaniyi molimba mtima. Palibe mphunzitsi amene anakomoka. Otchetcha kapinga anapitiriza kutchetcha, ndipo phunziro la akaunti, limene linandigwetsa kawiri, linapitiriza kugwetsa ana a anthu ena popanda thandizo langa.

Amene sanapirire ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene ndinkakhala kwawo chichokereni ku Zomba. Azakhali ndi nesi pachipatala china chapafupi ndi m'tauni, ndipo amayang'ana munthu ngati akumuyeza malungo. Alendo akabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ankandiloza ndi chibwano: "Uyo ndi mwana wa achimwene. Wadiropa." Ankanena ngati mmene mwininyumba amasonyezera pamene denga likudontha, kuti alendo asakhale pamenepo.

Tsiku lina atachokera ku shifiti anandipeza pa sofa ndikulingalira za tsogolo langa maso ali otseka.

"Dzuka. Ndakupezera ntchito ku Indianapolis."

"Ya mu ofesi, azakhali?"

"Mu ofesi ndi pepala liti? Ukasamalira munthu wamkulu. Mayi wina amene ndinkaimba naye kwaya ali ndi kakampani kotumiza anthu m'makomo mwa okalamba. Ndamuuza kuti ndiwe waulesi koma waulemu. Wati ulesiwo authetsa yekha."

Ndinachita kakosi kakafupi ka kasamalidwe ka okalamba, ndipo ndinakamaliza, zimene zinadabwitsa banja lonse mpaka kumudzi. Tsiku lonyamuka azakhali anaima pafupi ndi galimoto langa lakale lija, dzanja lili pachitseko kuti ndisathawe ulaliki.

"Kumeneko usakachite za ana obadwira kuno, oyankha akulu ali chiimire manja ali m'thumba. Iwe unaleredwa. Chakudya upereke ndi manja awiri. Usawayang'ane m'maso ngati ukufuna kuwagula. Ndipo ndisamve kuti unakhala nawo patebulo ngati mnzako wa pa bawo."

Ndinalonjeza ndi mtima wonse. Zambiri zandikanika pamoyo wanga, koma ulemu ndinaukhoza ndili wamng'ono. Bambo anga sindinadyepo nawo patebulo limodzi. Iwo ankadyera pabalaza, ife ana kukhonde la kuseri, ndipo palibe amene ankaona kuti walakwiridwa. Ndi mmene zinthu tinazipezera, ngati phiri lija kuseri kwa tauni yathu.

Nyumbayo inali ku Lawrence, mbali ina ya Indianapolis, kanyumba ka njerwa zofiira mu msewu umene munthu woyenda pansi anthu amamusuzumira pawindo. Anandilandira ndi mwana wa mkuluyo, mayi wa msinkhu wa azakhali, wogwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Anali ndi maso a munthu amene sagona mokwanira. Sanazungulire.

"Bambo anga sakudya. Chimwalirireni mayi amangotolatola. Dokotala wanena kuti akapitiriza kutsika pa sikelo sangakhalenso muno, ndiyenera kuwapititsa kunyumba yosungira okalamba. Chipinda chilipo kale, akundisungira. Iwo akuti muno adzatulukamo ali m'bokosi basi. Ine zonse ziwirizi sindikuzifuna. Zochapa, zosesa, zimenezo uchite ukafuna. Ntchito yako ndi imodzi: adye."

Kenako anandilowetsa pabalaza. Mkuluyo anali munthu wakuda wa konkuno, wamtali kwambiri, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, malaya akulendewera pamapewa ngati ayanikidwa pachingwe. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yopanga mainjini pafakitale ina ya kufupi ndi Speedway, bwalo la mpikisano wa magalimoto. Zala ziwiri za kudzanja lamanja zinali zopindika, ndipo ndinangoti ndi za kufakitale. Anandiyang'ana kuyambira nsapato.

"Ndamva kuti unali ku koleji."

"Ndinali, agogo."

"Unamaliza?"

"Tinasiyana mwamtendere."

"Chabwino, Pulofesa. Uzilankhulira mbali ino. Khutu lakumanzereli linapuma ntchito kalekale."

Tinkalankhula Chingerezi, koma pano ndikulemba mmene mawuwo ankafikira mumtima mwanga. Liwu loti agogo lokha ndinalisiya m'Chichewa. Anafunsa tanthauzo lake, ndipo atamva anati alilawa kaye. Dzina la Pulofesa ine sindinapatsidwe mwayi wolilawa.

Ndinayamba ntchito ngati kazembe woimira dziko lake. Mwana wawo anali atandionetsa zimene bambo ake amakonda: nyemba zophika ndi fupa, masamba obiriwira owiritsa ndi nyama ya nkhukundembo yowamba, ndi chigumu chawo chija cha ufa wachikasu. Ndinaphika mosamala. Ndinayala tebulo, mbale imodzi, foloko imodzi, tambula imodzi. Ndinabweretsa beseni ndi jagi ya madzi ofunda kuti asambe m'manja, thaulo lili paphewa.

"Pulofesa, nyumba ino ili ndi sinki."

"Ndaiona, agogo. Ndi yabwino."

Anasamba, akundiyang'ana ngati ndatulutsa nkhunda m'thumba. Ndinapereka mbale ndi manja awiri nditanjuta pang'ono, maso ali pa nsapato zawo, kenako ndinabwerera chammbuyo mpaka kukhitchini. Kuseri kwa khitchiniko kunali kachipinda ka makina ochapira, ndipo mmenemo ndinapezamo ndowa ya penti yopanda kanthu. Ndinaivundikira, n'kukhalapo, mbale yanga ili pamaondo. Panali pabwino. Makina owumitsira zovala ankafunditsa msana, ndipo pakawindo ndinkaonera agologolo akuba chakudya cha mbalame kwa aneba.

Nditabwerera kukachotsa mbale ndinapeza chakudya chili momwe ndinachisiyira. Pachigumu pokha ndi pamene panali kachizindikiro ka foloko, ngati wina anafuna kungotsimikiza kuti chafadi.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Ndinasintha mchere, ndinasintha mbale, ndinayesa nkhuku, ndinayesa nsomba. Nthawi zina zonse tinkagwirizana bwino. Ankandiphunzitsa kumva vuto la injini ya galimoto langa ndili m'nyumba, ankandinyoza chifukwa chosadziwa za mpikisano wa magalimoto, ndipo pa masewera a madomino ankabera poyera, mosachita manyazi, ngati ndi ufulu wobadwa nawo. Koma ikangokwana nthawi ya chakudya, nkhope yawo inkatsekeka ngati golosale Lamlungu. Ankayang'ana mbale, ankayang'ana ine ndikubwerera chammbuyo.

Loweruka lililonse mwana wawo ankabwera, n'kutulutsa sikelo ya m'bafa, n'kuwakweza. Ankawerenga manambala, osawatchula, n'kupita kukaima pawindo. Lamba wa agogo tinamuboola bowo latsopano ndi msomali. Loweruka lina mayi uja anandiitanira panja.

"Sindikukuimba mlandu. Ndalawa zimene umaphika, ndi zabwino. Koma akumalo kuja andiimbiranso. Mwezi uno ukatha zisanasinthe, ndiwapititsa."

Agogo anali pawindo akutiyang'ana. Khutu limodzi linali lakufa, koma maso onse awiri anali pantchito.

Monga munthu amene analawako maphunziro apamwamba, ndinafufuza vutoli mwasayansi, ndipo ndinapeza kuti ulemu wanga unali wochepa. Ndinaimbira azakhali kuti atsimikize zotsatira.

"Ukumawapatsa ndi manja awiri?"

"Awiri onse."

"Maso?"

"Pansi. Nsapato zawo ndikhoza kuzijambula osaona."

"Ukumagwada?"

"Ndimanjuta, azakhali. Ndine mwamuna."

"Kunjuta n'kopatsira moni pamsewu. Munthu wamasiye, wodwala, ukumunjutira? Gwada, maondo onse. Umuna wakowo unakuthandiza chiyani pa akaunti?"

Tsiku lotsatira masana ndinaphika nyemba zabwino kuposa zonse zimene ndinaphikapo. Ndinalowa nazo pang'onopang'ono ngati wonyamula chopereka, ndinafika pambali pa mpando wawo, ndinagwada maondo onse awiri pa kapeti, ndinakweza mbale, ndipo nditaiika patebulo ndinaomba m'manja katatu mofatsa, mutu uli pansi. Kunena zoona, kunali kugwada kokongola. Akanakhala kuti amapereka madigiri a zimenezi, azakhali akanakhala ndi chopachika pakhoma.

Kenako ndinamva mawu awo, otsika kwambiri.

"Dzuka."

Ndinadzuka, msana uli wopindikabe.

"Wongoka."

Ndinawongoka. Anakankha mbale ija ndi kuseri kwa dzanja, osati mwaukali, koma ngati chinthu chimene sakufuna kuchionanso. Ine ndinabwerera ku ndowa yanga. Chisoni sichinandiletsepo kudya, choncho ndinayamba nyemba zanga.

Patapita kanthawi ndinamva ndodo yawo ya miyendo inayi ikugunda pansi, ikudutsa pakhitchini. Chibwerereni ine anali asanafikepo kuseri kuno. Anaima pakhomo, akupuma mwamphamvu, ndipo anayang'ana ndowa, mbale ili pamaondo, ndi kapu yanga imene ndinkaipachika pa msomali pafupi ndi chitseko chakuseri kuti isasokonekere ndi zawo. Kapuyo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Anakuuza ndani kuti uzidyera kuno? Mwana wanga?"

"Ayi, agogo."

"Kampani yako?"

"Palibe. Ndi ulemu chabe."

"Ulemu." Anatsamira makina ochapira. Ndinafuna kuwapatsa ndowa ija kuti akhalepo, koma mzimu wina wabwino unandigwira dzanja. "Umati unkakhala ku South Bend. Ine ndinabadwira kumeneko. Mayi anga ankaphikira banja lina la azungu kumtunda kwa mtsinje. Chakudya chonse cha m'nyumba imeneyo chinkadutsa m'manja mwawo, koma iwo ankadyera kuseri, chiimire, pafupi ndi chitseko. Kapu yawo inkakhala pa msomali. Ndikapita kukawatenga madzulo ndinkawapeza akutafuna mofulumira, maso ali pansi, kuti mwina belu lilira."

Ndinayang'ana nsapato zawo.

"Ndi zimenezotu. Nsapatozo zakuuza chiyani? Ndili kuno ine."

Ndinakweza maso mpaka pa batani lachiwiri la malaya awo. Kupitirira apo khosi linakana.

Anandiuza ali chiimire, mwapang'onopang'ono, akupumira pakati. Tchalitchi chawo chinasonkha ndalama n'kuwatumiza kum'mwera kwa dziko lino, ku koleji ya anthu akuda. Kumeneko zikwangwani zinkanena poyera pomwera madzi pa azungu ndi pa akuda. Kuno ku Indiana, anatero, sankavutika kulemba kwambiri, munthu unkangodziwa. M'tauni ya kolejiyo munali sitolo yaikulu yokhala ndi malo odyera, tebulo lalitali ndi mipando yozungulira. Munthu wakuda ankaloledwa kugula ulusi, sopo, chilichonse, koma osakhala pampando. Ana a sukulu anagwirizana kuti akakhalepo.

"Tinayamba taphunzira. M'chipinda chapansi pa tchalitchi. Unkakhala pampando, anzako n'kumakutukwana mayina onse amene azungu akakutchule. Kukupemerera utsi wa ndudu kumaso, kukukoka tsitsi, kukukankha. Ukangokunga chibakera, wachotsedwa, ukanyamule zikwangwani panja. Ine ndinachotsedwa koyamba. Ndinali ndi mkono wabwino nthawi imeneyo."

"Kachiwiri munakhoza?"

"Ine mayeso ndinkabwereza n'kukhoza, Pulofesa."

Ndinalandira chipongwecho.

Tsiku lopita kusitolo kuja agogo anavala suti ya kutchalitchi ndi taye yobwereka. Anakhala pampando, anaika manja patebulo, anapempha khofi. Mtsikana wogulitsa anayang'ana khoma. Kumbuyo kwawo kunayamba kudzaza anthu, anyamata amsinkhu wawo ndi azibambo ovala zipewa, ena atanyamula ana paphewa kuti aone bwino. Anayamba ndi shuga, kuwathira kumutu. Kenako msuzi wa tomato. Wina anazimitsa ndudu pakhosi pawo, apa, ndipo anatsitsa kolala kundionetsa kabala kozungulira kamene ndinkakaona tsiku lililonse powathandiza kuvala, osafunsa. Iwo anangoyang'ana kutsogolo, pa kalilole wa kuseri kwa tebulo, mmene ankaonamo nkhope zonse.

"Chimene chinawapsetsa mtima si kukhala kwathu. Ndi choti sitinawerame. Wina ankangokuwa kuti, yang'ana pansi, yang'ana pansi. Ndinamuyang'ana pa kalilole paja. Sindinamukwiyire, ndinangomuyang'ana."

Anthu aja anawakokera pansi. Agogo anagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo wina anamenya zala zija ndi chotengera shuga chachitsulo mpaka anasiya. Ali pansi anadzipinda mmene anaphunzirira, manja kumutu, koma nsapato ina inapeza khutu. Apolisi anali pakhomo nthawi yonseyi. Atatopa omenya aja, apolisiwo analowa n'kumanga amene anali pansi.

"Taye ija mwini wake sanailandirenso. Ndipo koleji inatichotsa, poopa amene ankaipatsa ndalama. Choncho usamadzimve kwambiri, m'nyumba muno osamaliza koleji tilimo awiri. Kungoti ine anachita kundinyamula."

Zimenezi ndinali nditaziona m'mabuku a sukulu, pa zithunzi zopanda mtundu, anthu ovala bwino akukokedwa pansi. Sindinaganizepo kuti munthu wa pachithunzi amakalamba, amabera pa madomino, ndipo amatembenuza mutu kuti akumve.

"Khofi uja sindinamwe," anatero. "Koma ndinalumbira kuti m'nyumba mwanga simudzakhala munthu wodyera kuseri. Ndiye pabwera iwe, mwana wakuda, wochokera ku Africa kwenikweniko, kumene tinkakuimba m'nyimbo. Ukundigwadira, ukubwerera chammbuyo, kapu pa msomali. Ndikanyamula foloko ndimamva supuni yako ikugunda mbale kuseri kuno. Chakudya chingatsike bwanji?"

"Bwanji simunanene, agogo?"

"Ndinkati wina anakuphwanya kale mtima, ndipo sindinkafuna kukuchititsa manyazi. Komanso ndinkadikira kuti munthu wa ku koleji azindikira yekha."

Apa ndinaona kuti dziko langa likufunika loya, ndipo panalibe wina.

"Kwathu sitigwadira khungu, agogo. Timagwadira zaka. Bambo anga ankadya okha, ine kuseri, koma nyama yabwino ankaisiya m'mbale dala kuti ndiipeze pochotsa. Palibe amene anandimenyapo kuti ndiyang'ane pansi. Ndimayang'ana pansi chifukwa munthu amene waona zambiri sumamulowa m'maso ngati m'nyumba yopanda chitseko."

Anatembenuza khutu labwino lija.

"Ndiye iwe ukadzakalamba, adzakugwadira?"

"Akadzakhala oleredwa."

"Ngakhale wosamaliza koleji?"

"Imvi sizifunsa satifiketi."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Ndiye kwanu ndi mzere, aliyense nthawi yake imafika. Kuno sunali mzere. Bambo anga anamera imvi akutchedwabe mnyamata ndi ana amene akanatha kuwabereka." Anawongoka, n'kugwira ndodo. "Mwambo wakowo ndi wabwino. Ukausunge kwa azakhali ako. Tenga mbale yako."

Tsopano ndifotokoze mwaulemu za vuto limene asayansi sanalifufuze. Munthu amene wakula osakhala patebulo ndi akulu, maondo ake sadziwa njira. Ndinafika pa mpando woyang'anizana nawo, ndinaukoka, ndipo thupi linangoima. Ndinakhala m'mphepete mwenimweni, ndi mbali imodzi yokha, ngati munthu wokwera minibasi yodzaza amene akutsika posachedwa.

"Lowa mkati mwa mpando. Msana kumbuyo. Manja patebulo, onse awiri. Mapazi pansi." Mawu awo anali atasintha, anali a mnyamata wa m'chipinda chapansi pa tchalitchi. "Tsopano ndiyang'ane."

Ndinafika pa chibwano.

"Kwera."

Ndinafika pa mphuno.

"Pulofesa, ine anandithira shuga ndi tomato. Iwe ndikungokupempha maso."

Ndinawayang'ana. Anali ndi maso ofiirira, okhala ndi mkombero wotuwa wa ukalamba, ndipo anali kusangalala kwambiri ndi mavuto anga. Ndinkangoona ngati azakhali atulukira pachitseko cha furiji.

"Malamulo ndi awa," anatero. "Iwe supuni, ine supuni. Ukasiya, ndasiya. Ukathawira ku ndowa, ine ndikupita kwa okalamba kuja, ndipo ndikawauza onse kuti anandipititsa ndi ulemu wa ku Malawi."

Ndinatenthetsanso nyemba zija. Ndinadya supuni imodzi, akundiyang'ana. Iwo ananyamula yawo ndi zala zitatu zimene zinkagwira ntchito, anaiyang'ana, anadya. Anatafuna nthawi yaitali.

"Mchere wachepa."

"Dzulo munali wambiri, simunadye."

"Dzulo ndinali pa sitalaka. Patsire."

Anadya theka la mbale tsiku limenelo, ndi kachidutswa ka chigumu. Sizinali zambiri, koma pochotsa mbale ndinaiona pansi pake kwa nthawi yoyamba, ndipo ndinazindikira kuti inali ndi maluwa.

Madzulo ndinaimbira azakhali n'kuwafotokozera zonse, za kapu, za ndudu, za khutu. 

"Odwala anga ena ndi amsinkhu umenewo," anatero azakhali. "Sindinawafunsepo." Anapuma. "Chita zimene akufuna mkuluyo. Khala nawo, ayang'ane. Koma ukabwera kuno usayese."

Masiku otsatira tinakhazikitsa boma la mgwirizano. Kugwada kunathetsedwa. Kubwerera chammbuyo kunathetsedwa, pa chifukwa chinanso choti ndinagunda nako nyale. Manja awiri anawalola, poti mbale zina n'zolemera. Beseni ndi jagi ndinkati zipitanso, koma anakana.

"Izo zisiye. Madzi ofunda amandimasula zala."

Anangoonjezera lamulo limodzi, loti ndikawathirira, iwonso andithirire. Ankanyamula jagi ndi dzanja lopindika lija, ndipo theka la madzi linkathera pa thalauza langa. Ndinkadya tsiku lililonse ndili wonyowa ngati mwana wa ku mkaka, ndikuyang'ana m'maso munthu wamkulu kuposa agogo anga enieni. Akanandiona a kwathu akanaitanitsa mapemphero.

Sikuti ankadya bwino masiku onse. Masiku ena ankangoti chakudya chikumveka ngati pepala, ndipo tinkakhala patebulo mbale zikuzizira, iwo akunena za akazi awo, mmene ankaimbira akutsuka mbale, molakwitsa mawu dala kuti awapute. Masiku oterowo nanenso ndinkaika supuni pansi, poti lamulo linali la mbali zonse. Ankandiyang'ana, n'kunena kuti sangalole mlendo kufa ndi njala m'nyumba mwawo, n'kunyamula foloko. Ndinazindikiranso kuti ndikaonjezera mbale yachiwiri iwo ankakakamizika kutsatira, choncho ndinadzipereka. Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo, iyi yokha ndi imene ndinapitirira zimene abwana ankayembekezera.

Loweruka lomaliza la mweziwo mwana wawo anafika m'mawa, nkhope ili youma, makatoni opinda olongedzeramo katundu wa agogo ali kumbuyo kwa galimoto. Sanawatsitse, koma sanawabisenso. Agogo anatuluka kuchipinda atavala jekete yawo yakale ya kufakitale, m'nyumba motentha, akuyenda mosamala kuposa masiku onse. Pa sitepe iliyonse pankamveka kachitsulo.

Mayi uja anaika sikelo pansi, n'kuwayang'ana.

"Adadi, vulani jekete."

"Ndikumva kuzizira."

"Vulani."

Ndinawathandiza kuvula, ndipo jeketeyo inatsala pang'ono kundithyola mkono. M'matumba munali masipanala, mabawuti aakulu, ndi loko wa pageti. Mwana wawo anazitulutsa chimodzichimodzi n'kuziyala patebulo, osaseka.

"Za m'thalauza."

Munatuluka sipanala ina, ndi mpeni wopinda.

"Iwe unadziwa zimenezi?" anandifunsa.

"Ayi, mayi. Ndikanadziwa ndikanawalangiza zinthu zosalira."

Agogo anakwera pa sikelo atagwira phewa langa, kenako analisiya, n'kuima okha. Sanayang'ane pansi. Anayang'ana kutsogolo, pakhoma, chibwano chili m'mwamba. Mwana wawo anawerama n'kuwerenga. Anawauza kuti atsike, anagwedeza sikelo, anaisuntha pamalo ena, anawakwezanso. Anawerenganso. Anandiuza kuti ndichoke pafupi, mwina ndikuponda ndi chala. Ndinapita kukaima kukhomo.

Anawerenga kachitatu, ndipo anakhala pansi pomwepo, pa matailosi, atagwira bondo la bambo ake. Mapewa ake ankagwedezeka. Agogo anaika dzanja lopindika lija pamutu pake, pa imvi zake zoyamba, akuyang'anabe khoma.

Atadzuka anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, natenga foni.

"Sizinakwere kwambiri," anatero, kuti tisadzimve. "Koma zakwera. Ndiwauza kuti chipindacho apatse wina. Zikadzatsikanso tidzakambirananso, mwamva adadi?"

"Wayankhulira khutu lolakwika."

Anatuluka panja kukaimba. Tinkamuona pawindo akuyendayenda pa kapinga, dzanja lina lili pachiuno. Agogo anatsika pa sikelo, anakhala pampando mwapang'onopang'ono, n'kuyang'ana zitsulo zija zili ndandanda patebulo.

"Pulofesa."

"Agogo."

"Unkaona kuti ndanenepa?"

"Lamba anabwerera pa bowo lakale sabata yatha."

"Ndiye osandiuza bwanji? Ndayenda ndi garaja yonse m'matumba kuchokera kuchipinda, chiuno chikuwawa." Anasuntha masipanala ndi chigongono kuti papezeke malo. "Kaone ngati chigumu cha dzulo chatsalako. Ubweretse mbale zitatu, uyo akamaliza kulira amamva njala."